Ndimafuna kutsata mapazi a Bernard Rimland, koma ndamva kuti analakwitsa. Nditani?

"Ndine mtsikana wa zaka 21, ndili chaka chachitatu cha maphunziro a saikoloje. Mlongo wanga wamng'ono ali ndi zaka 9, salankhula kwenikweni, ndipo kuchipatala anati ali ndi autism. Kumudzi amati makolo athu anamukhwimira kuti golosale iziyenda bwino, moti mayi anasiya kupita naye kutchalitchi. Nditawerenga za a Bernard Rimland, katswiri wa ku America amene anachotsa mlandu pa amayi a ana otere, ndinagwetsa misozi n'kunena kuti ntchito yanga ndi imeneyi. Kenako ndawerenganso kuti omwewo ankanena kuti katemera ndiye amayambitsa autism, komanso ankalimbikitsa mankhwala osatsimikizika. Mutu wanga waima. Kodi ndi munthu woti ndimutsanzire? Nanga kuno kwathu munthu angayambire pati? Mayi nawo akufunsa ngati tingagule mavitamini amene iwo ankanena aja."

Achemwali, ndiyambe ndi zimene zikuwalemera mayi anu. Mlongo wanu sanakhwimiridwe ndi wina aliyense. Autism, imene imakhudza mmene mwana amalankhulira ndi kuyanjana ndi anthu, imayamba ubongo wa mwana ukamaumbika, makamaka asanabadwe, ndipo gawo lalikulu ndi zotengera ku mtundu. Imapezeka kwa ana a olemera ndi a osauka, kwa amene ali ndi golosale ndi amene alibe ngakhale kabenchi ka tomato. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse padziko lapansi ali nayo. Mukawauze mayi zimenezi mwachifatse, ndipo mudzawauzenso kangapo, chifukwa mawu amene akhala akuwabaya kwa zaka satuluka mumtima tsiku limodzi.

Za kusokonezeka kwanu, musadzione ngati mwaphonya kena kake. Zonse ziwiri mwawerengazo n'zoona, ndipo n'za munthu mmodzi yemweyo. Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchito ndi mabanja a ana otere, mbiri ya a Rimland ndi imene ndimakonda kuuza ophunzira akabwera ndi mtima woyaka ngati wanuwu, chifukwa muli zonse: chimene munthu mmodzi angathe kuchita, ndi pamene munthu yemweyo angatererekere.

A Rimland anabadwa mu 1928 ku Cleveland, anakulira ku San Diego, ndipo digiri yawo ya udokotala wa saikoloje anaitenga ku Pennsylvania State University. Sanaphunzire za ana. Ntchito yawo inali ku gulu la nkhondo la pamadzi la America, kukonza mayeso oonera luso la anthu olembedwa ntchito. Ndiye kuti anali munthu wa manambala, wozolowera kufunsa kuti umboni uli kuti. Mu 1956 mwana wawo woyamba anabadwa. Khandalo linkalira kwa maola ambiri osatonthola, silinkafuna kunyamulidwa, ndipo dokotala wa ana sanathe kunena chimene chinali vuto. Mwanayo ali ndi zaka pafupifupi ziwiri, mayi ake anakumbukira buku lina la kukoleji limene linkafotokoza za ana ofanana naye. Analifufuza, ndipo m'menemo ndi momwe bambo wokhala ndi digiri yapamwamba ya saikoloje anakumana koyamba ndi mawu akuti autism.

Zimene akatswiri ankaphunzitsa nthawi imeneyo muzizindikira msanga, chifukwa n'zapachibale ndi za kumudzi kwanu. Leo Kanner, dokotala wa ku Johns Hopkins ku Baltimore amene anafotokoza za ana 11 otere mu 1943, analembanso kuti makolo awo ankaoneka ozizira mtima. Ena anautola mfundoyo n'kuikuza, makamaka Bruno Bettelheim wa ku Chicago, mpaka panabuka dzina lonyoza lakuti amayi a mufiriji. Ankati mwana amadzitsekera m'kati mwake chifukwa mayi sakumufuna. Chithandizo chake chinali kumuchotsa mwana kwa makolo, ndi kuwatumiza amayi kwa alangizi kuti akavomere mlandu umene sanapalamule. Kwathu kuno amati ufiti, kumeneko ankati sayansi, koma chala chinkaloza munthu yemweyo.

A Rimland sanayambe ndi kukalipa. Anayamba ndi kuwerenga. Kwa zaka zingapo, akaweruka kuntchito, ankasonkhanitsa chilichonse chimene chinalembedwapo pa nkhaniyi, ngakhale cha m'zilankhulo zina. Mu 1964 anatulutsa buku lotchedwa Infantile Autism, ndipo mafunso amene anafunsamo ndi osavuta moti agogo anu angawamve. Ngati vuto ndi mayi, n'chifukwa chiyani ana ena obadwa kwa mayi yemweyo amakula bwinobwino? N'chifukwa chiyani ana ambiri amene analeredwa mwankhanza zenizeni sakhala ndi autism? N'chifukwa chiyani anyamata amachuluka katatu kapena kanayi kuposa atsikana, ndipo zizindikiro zimaoneka mwana akadali wakhanda? Anamanga mfundo yakuti gwero lake lili mu ubongo. Kanner mwini wake analemba mawu oyamba a bukulo, ndipo mu 1969, pa msonkhano wa makolo, ananena poyera kuti makolowo alibe mlandu. Umboni wamphamvu unadza mu 1977, pamene Susan Folstein ndi Michael Rutter ku Britain anafufuza mapasa awiriawiri okwana 21. Mwa mapasa ofanana 11, anayi anapezeka kuti onse awiri ali ndi autism. Mwa mapasa osafanana 10, sipanapezeke ngakhale amodzi otero.

Kumapeto kwa buku lija kunali pepala la mafunso lofotokoza zizindikiro. Makolo anayamba kulidula, kulidzaza n'kuwatumizira, limodzi ndi makalata ataliatali. Anthu amene aliyense ankaganiza kuti ali yekha anapezana kudzera mwa munthu mmodzi. Mu 1965, pamodzi ndi makolo ena monga Ruth Sullivan, anayambitsa bungwe limene lero limatchedwa Autism Society of America, ndipo mu 1967 anatsegula ku San Diego malo a kafukufuku amene pambuyo pake anatchedwa Autism Research Institute. Analangizanso opanga kanema wa Rain Man wa mu 1988, amene anafikitsa mawu akuti autism m'nyumba za anthu ambiri, ngakhale kuti anasiyanso maganizo olakwika akuti aliyense wa autism ndi katswiri wa masamu. Mpaka pamenepa, ndikanati atsanzireni ndi mtima wonse.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona yankho lanu. Makalata omwe aja, amene anali mphamvu yawo, ndiwo anadzawasocheretsa. Makolo ankalemba kuti mwana wasintha atamupatsa vitamini B6 wambiri pamodzi ndi magnesium, ena atamuletsa mkaka ndi tirigu, ena atamupatsa izi ndi izo. A Rimland anali ataona madokotala akunyoza makolo kwa zaka zambiri, ndipo makolowo n'kupezeka kuti ndiwo ankanena zoona. Choncho anafika pokhulupirira umboni wa makolo koposa kafukufuku woyendetsedwa mwadongosolo. Ndimawamvetsa. Koma kholo likanena kuti "mwana wanga wasintha", limanena zoona za mwana, osati za chimene chamusintha. Mwana wa autism amakula, amaphunzira, amakhala ndi miyezi yabwino ndi yovuta, mankhwala alipo kapena palibe. Banja limayamba mankhwala atsopano pa nthawi imene zinthu zafika poipa, ndiye zikabwerera mwakale mankhwala ndiwo amatamandidwa. Amene zinawakanika nthawi zambiri salemba kalata. Ndipo munthu amene wagulitsa mbuzi kuti agule botolo amayang'ana mwana wake ndi maso ofuna kuona kusintha.

Nkhani ya secretin imaonetsa zimenezi bwino kwambiri. Ndi mankhwala ogwiritsidwa ntchito poyeza matenda a m'mimba. Mu 1998 zinamveka pa wailesi yakanema ku America kuti mwana wina anayamba kulankhula atalandira mankhwalawa, a Rimland anawalimbikitsa, ndipo makolo zikwizikwi anawathamangira. Ofufuza atawayesa moyenera, ana ena n'kuwapatsa secretin, ena madzi a mchere, popanda kholo kapena woyeza kudziwa kuti uyu walandira chiyani, magulu onse awiri anaoneka kuti asinthako mofanana. Anabwereza kambirimbiri, zotsatira zake n'kukhala zomwezo.

Pa katemera ndiye analakwitsa kwambiri, ndipo sindingazungulire. Ankakhulupirira kuti kuchuluka kwa ana opezeka ndi autism kukuchokera ku katemera, makamaka thimerosal, mankhwala okhala ndi chitsulo chotchedwa mercury amene ankasungira akatemera ena. Pofika 2001 mankhwalawa anali atachotsedwa mu akatemera ambiri a ana ku America, koma chiwerengero cha opezeka ndi autism chinapitirira kukwera. Pepala la Andrew Wakefield la mu 1998, lonena za ana 12 okha, limene linayatsa mantha pa katemera wa chikuku, linachotsedwa ndi magazini ya The Lancet mu 2010, ndipo mwini wake analandidwa chiphaso cha udokotala chaka chomwecho. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, ndipo zotsatira za mu 2019 sizinaonetse kusiyana pakati pa obayidwa ndi osabayidwa. Chimene chimasokoneza makolo ndi nthawi. Zizindikiro za autism zimaonekera kwambiri mwana akamayandikira chaka ndi theka, nthawi yomweyo imene amapita ku sikelo kukabayidwa. Zinthu ziwiri zikachitika motsatizana, mtima umafulumira kuzimangiriza pamodzi. Kuno kwathu nkhaniyi si yongokambirana m'kalasi ayi. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'Malawi muno, ndipo ana anamwalira. Kuchokera ku chikhulupiriro cha mercury chija kunabweranso mchitidwe wopatsa ana mankhwala amphamvu ochotsa zitsulo m'magazi, umene gulu la Defeat Autism Now (kutanthauza kuti gonjetsani autism tsopano), limene a Rimland anayambitsa nawo mu 1995, linkaulimbikitsa. Mu 2005 mwana wa zaka zisanu anamwalira ku Pennsylvania akulandira mankhwala a mtundu umenewu.

Ndiye kwa mayi anu yankho ndi lakuti ayi, musagule mavitamini amenewo. Kafukufuku amene anachitika pa B6 ndi magnesium ndi wochepa, wa ana owerengeka, ndipo sanaonetse phindu lodalirika. B6 wambiri akamwedwa nthawi yaitali amawononga mitsempha, munthu n'kumamva dzanzi m'manja ndi m'mapazi, ndipo mwana wosalankhula sangakuuzeni kuti akumva dzanzi. Ngati mlongo wanu amasankha zakudya kwambiri, monga amachitira ana ambiri otere, n'kumangofuna nsima yopanda ndiwo kapena buledi yekha, imeneyo ndi nkhani yopita nayo kuchipatala kuti akamuyeze thupi ndi magazi. Akapezeka kuti akusowa kena kake, adzamupatsa pa mlingo woyenera. Ndaonapo mabanja akutha ndalama za fizi ndi za feteleza pa mabotolo ogulitsidwa pa WhatsApp, chikomekome cha mkuyu, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti zikakanika mayi amadziimbanso mlandu wina, woti mwina anachedwa kuyamba kapena sanagule okwanira.

Pali munthu wina amene ndikufuna mumudziwe pambali pa a Rimland. Lorna Wing, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Britain, nayenso anabereka mwana wa autism mu 1956, ndipo anali m'gulu la makolo amene anayambitsa National Autistic Society mu 1962. Chikondi chake pa mwana sichinali chochepa. Koma iye ndi Judith Gould anapita ku Camberwell, dera lina la London, kukaona ana mmodzimmodzi, ndipo mu 1979 anaonetsa kuti autism ndi yotakata kwambiri kuposa mmene Kanner anaifotokozera: alipo osalankhula, alipo olankhula kwambiri, alipo ofuna chithandizo moyo wonse, alipo odziimira paokha. Kutakasa tanthauzo kumeneku, pamodzi ndi kuzindikira kwa anthu, n'kumene kumafotokoza gawo lalikulu la kukwera kwa chiwerengero kumene a Rimland ankakuona ngati mliri. Palinso anthu a autism eni ake. Chaka chimene a Rimland anamwalira, 2006, n'chomwenso achinyamata a autism ku America anayambitsa Autistic Self Advocacy Network. Ambiri mwa iwo sankasangalala ndi mawu akuti "kugonjetsa autism", ponena kuti chimene akusowa ndi sukulu, ntchito, njira yolankhulirana ndi ulemu. Si onse amagwirizana, ndipo makolo a ana ofuna chisamaliro usana ndi usiku ali ndi mawu awonso oyenera kumvedwa. Koma womenyera ufulu wa anthu amene iye sawafunsa amatha kuwapweteka ali ndi cholinga chabwino.

Kodi muwatsanzire? Tsanzirani bambo wa mu 1964 uja, amene anakonda mwana wake mpaka kukhala pansi zaka zingapo n'kusanthula umboni. Mufunika kudziwa kuti inunso muli pamalo amene iwo anali. Muli ndi mlongo amene mumamukonda, muli ndi mkwiyo woyenera pa zimene achitiridwa mayi anu, ndipo tsiku lina wina adzabwera ndi lonjezo limene mtima wanu udzafunitsitsa kuti likhale loona. Pa tsikulo chimene chidzakutetezeni ndi maphunziro amene ophunzira ambiri amawathawa, a statistics ndi a kayendetsedwe ka kafukufuku. Musangowakhoza kuti mudutse. Phunzirani kuwerenga pepala la kafukufuku n'kufunsa kuti ana anali angati, anawayerekeza ndi ndani, woyezayo ankadziwa kuti mwana walandira chiyani, nanga ndalama anapereka ndani.

Za njira yake kuno, ndikuuzeni mosabisa. Digiri yoyamba ya saikoloje siikulolani kuyeza mwana n'kunena kuti ali ndi autism. Pamafunika digiri yachiwiri ya za chipatala kapena za kakulidwe ka ana, komanso nthawi yogwira ntchito pansi pa wodziwa, ndipo ambiri amakachitira kunja. Ku University of Cape Town kuli malo otchedwa Centre for Autism Research in Africa, amene anayambitsidwa ndi Pulofesa Petrus de Vries, ndipo zimene amalemba ndi poyambira pabwino kwa munthu wa kuno. Koma musadikire sikolashipu kuti muyambe kuphunzira. Pemphani kukadzipereka pa tchuthi kumene kuli ana enieni: ku kalasi ya aphunzitsi a ana ofuna chithandizo chapadera, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi, kapena ku St John of God ku Mzuzu, kapena ku gulu la makolo monga PODCAM. Mudzaona msanga kuti ntchitoyi ili ndi makomo ambiri, ndipo ena mwa anthu othandiza kwambiri ndi aphunzitsi, ophunzitsa kulankhula ndi othandiza ana kudzichitira zinthu. Ntchito zolipidwa n'zochepa, zambiri zimadalira ndalama za mapulojekiti zimene zimatha. Ndi bwino mudziwiretu zimenezi muli chaka chachitatu.

Komabe munda ndi waukulu ndipo sunalimidwe. Pafupifupi zonse zimene dziko likudziwa za autism zinachokera ku mayiko olemera, ndipo zipangizo zoyezera zinapangidwira ana a kumeneko. Chimodzi mwa zotchuka, ADOS, chili ndi gawo loti mwana asewere phwando la tsiku lobadwa ndi chidole ndi makandulo. Mwana wa kumudzi amene sanaonepo keke ya makandulo akangoima n'kumayang'ana, mulemba chiyani? Mafunso ena amafunsa ngati mwana amayang'ana munthu m'maso, pamene ife timaphunzitsa ana kuti kutong'olera maso wamkulu ndi mwano. Ndiponso kuno mwana wosalankhula angakhale wosamva, angakhale anadwalapo malungo a mu ubongo, angakhale anavutika pobadwa, ndipo woyeza ayenera kudziwa kusiyanitsa. Onani mmene Melissa Gladstone ndi anzake anapangira MDAT, chipangizo choyezera kakulidwe ka ana chimene chinasindikizidwa mu 2010. Anafunsa anthu a m'midzi ya kuno zimene mwana wa msinkhu wakuti amayenera kuchita, n'kugwiritsa zinthu zimene ana athu amazidziwa, ndipo lero chikugwira ntchito m'mayiko ena. WHO ilinso ndi maphunziro a makolo a ana ochedwa kukula, amene anayesedwa ku Ethiopia ndi ku Kenya, ophunzitsa kholo kugwiritsa masewera ndi ntchito za pakhomo pothandiza mwana kulankhulana ndi ena. Ntchito ngati zimenezi, zoyesa ngati chinthu chikuthandizadi mayi wa ku Ntchisi amene ali ndi dimba, ana ena anayi ndi foni ya mabatani, ndi zimene zikusowa manja. Ngakhale kufunsa mabanja mmene amatchulira vutoli m'Chichewa ndi kumene amayamba kupita kukafuna thandizo ndi kafukufuku wokwanira wa chaka chomaliza, bola mudutse ku komiti yoona za ufulu wa anthu ofufuzidwa.

Chinthu chimodzi chokha ndikuletseni. Mlongo wanu asakhale pulojekiti yanu. Musamuyese mayeso a m'kalasi, musamujambule n'kumuika pa Facebook pofuna kuphunzitsa anthu, ndipo musalole kuti banja likusandutseni dokotala wake chifukwa muli ku yunivesite. Akatswiri a ana ake adzapezeka ena, koma mchemwali woti azikhala naye pakhonde osamuyeza kanthu ndinu. Ndaona achinyamata ngati inu akutopa asanamalize n'komwe sukulu, chifukwa chosenza ntchito ndi banja m'mutu umodzi. Mukaona kuti simukugona, mukulira pafupipafupi kapena mukudziimba mlandu mlongo wanu akapanda kusintha, kalankhuleni ndi mlangizi wa pasukulu panu.

Pa iye mwini, pali zinthu zosafunika kudikira. Ngati sanayezedwepo makutu, ayezedwe. Khunyu imapezeka kawirikawiri kwa ana a autism, makamaka osalankhula, ndipo imatha kuyamba akamayandikira kutha msinkhu. Akagwa n'kumaphupha, kapena akamangoti duu kwa kanthawi osayankha, maso ali gwa, pitani naye kuchipatala msanga, chifukwa mankhwala a khunyu alipo ndipo amathandiza. Akayamba mwadzidzidzi kudzimenya mutu, kudziluma kapena kukana chakudya, yambani mwaganiza za ululu: dzino, khutu, kudzimbidwa. Akaiwala zinthu zimene ankatha kuchita, imeneyonso ndi ya dokotala wa ana, ndipo a pachipatala cha boma chapafupi angakulembereni kalata yopitira ku chipatala chachikulu monga Queens, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Muwayang'anenso mayi. Munthu amene wasiya kupita kutchalitchi chifukwa cha malilime a anthu amakhala atatsekeredwa pamodzi ndi mwana wake. Ngati sakudya, sakugona kapena akulankhula zotaya mtima, nawonso akufunika kuonana ndi a zaumoyo wa maganizo. Tchuthi chikubwerachi mukayambe mwapita nokha kwa abusa kapena amayi a chigwirizano kukawafotokozera za mlongo wanu, kuti phokoso limamusowetsa mtendere ndipo angafune kutuluka pakati pa mapemphero. Kenako Lamulungu lina mupite atatu, mukhale kumbuyo pafupi ndi khomo.